Iwe sindiwe mmbulu, ndiwe uja ali pa foni

Ngati uli na foni na ka bundle, kavidiyo aka unakaona kale. Leonardo DiCaprio wavala suti, wagwila maikolofoni, akuwa pamaso pa anyamata odzala ofesi amene alumpha monga timu yawo yagoletsa. Kapena kaja ka Matthew McConaughey, adzigunda pacifuwa mu lesitilanti. Pamwamba pake wina walemba mau olimbikitsa, ati uka, tamanga, umphawi uli m'mutu cabe. Ukayang'ana pansi upeza nambala ya WhatsApp, ati lowa mu gulupu tikuphunzitse forex.

Ine tumavidiyo utu twanifika pakhosi. Mafilimu sinidana nawo, The Wolf of Wall Street n'naitamba katatu ndipo n'naseka katatu konse. Cimene cinikwiyitsa ni mmene tiwatambila. Tikhala pa mpando wa kawalala, tiseka naye, tiwelenga naye ndalama, pamene malo athu eni-eni m'nkhani ija ni a munthu amene abeledwa. Ndipo pali anthu mu Lusaka muno, ku Kitwe na ku Chipata, amene adyela pa kusokonezeka kwathu kumeneku.

Tiyambe na munthu mwini wake. Jordan Belfort ni munthu weniweni. Kampani yake inali Stratton Oakmont, ku Long Island mu New York, ndipo inagwila nchito kuyambila 1989 mpaka 1996 pamene inacotsedwa pa malonda a masheya. Njila yake inali yosavuta kumva. Iye na anzake anali kugula mwakabisila masheya ambili a tumakampani tosadziwika pa mtengo wochipa, nthawi zina m'maina a anthu ena. Ndiyeno anyamata ake anali kukhala pa mafoni tsiku lonse, kuuza anthu kuti sheya iyi ikwela posacedwa, gulani lelo. Anthu akagula, mtengo unali kukweladi, kaili ogula aculuka. Pamenepo Belfort na anzake anali kugulitsa masheya awo onse. Mtengo unali kugwa, ndipo amene anagula cakumapeto anali kutsala na mapepala opanda nchito. Ku America cinyengo ici amacicha pump and dump. Palibe cuma cimene cinapangidwa pamenepo. Ndalama zinangocoka m'thumba la uyu kupita m'thumba la uja.

Anthu amene anadziwika kuti anabeledwa ni 1,513, ndipo ndalama zimene anataya zinali pafupi-fupi madola 200 miliyoni. Pakati pawo panali eni mabizinesi ang'ono na anthu opuma pa nchito. Belfort anavomela mlandu mu 1999, anathandiza boma kugwila anzake, ndipo m'jele anakhalamo miyezi 22. Khoti inamulamula kubweza madola 110 miliyoni. Miyezi 22 siikwana olo zaka ziwili. Ganizila zimene zimacitikila mnyamata akagwidwa waba foni imodzi pa City Market.

Manje bwelela ku filimu. Ni ya maola atatu. Pa maola atatu aja, anthu 1,513 aja unaonako angati? Kumbukila pamene DiCaprio ayamba nchito pa kaofesi kocepa, n'kutumila foni munthu wina dzina lake John. Amuuza za kampani ya Aerotyne, ati ili pafupi kutulutsa makina apamwamba a radar. Kamela itionetsa kampaniyo: kanyumba ka mapulanga kuseli kwa nyumba ku Iowa. John aikamo madola 4,000. DiCaprio atengapo 2,000 ya komisheni, anzake mu ofesi atsegula pakamwa, ndipo ise tonse pa mpando tikuti uyu ndiye mwamuna. Nkhope ya John sitiiona. Sitidziwa ngati ndalamazo zinali za lenti kapena za sukulu ya mwana. Sitimuona tsiku limene auza mkazi wake. Kutsogolo kuli wina amene aikidwa pa speaker, akamba mwaulemu, uku Belfort amunyodola na manja ndipo ofesi yonse ibisa kuseka. Nafenso tiseka.

Funso langa ni ili: pakati pa anthu awili aja, iwe ufanana na ndani? Mmodzi ali na ofesi, maloya, anyamata mahandiledi pa mafoni na masheya amene anagula kale iwe ukalibe kumva dzina la kampani. Wina ali na ndalama zocepa zimene anasunga movutikila, afuna kuti ziculuke msanga, ndipo munthu wa mau okoma wamufikila pa foni. Khala cete mphindi imodzi, udziyankhe wekha.

Nidziwa zimene okonda filimu adzakamba, cifukwa takangana kale pa nkhani iyi kangapo. Ati Martin Scorsese sanatamande Belfort, anangotionetsa mmene dyela limakomela kuti tidzione tekha. Pali coonadi pamenepo. Filimu imaonetsa Belfort amenya mkazi wake, aika mwana wake pa ngozi ataledzela na mankhwala, apeleka anzake kwa apolisi. Ndipo mapeto ake ni ocenjela kwambili. Belfort watuluka m'jele, ali pa seminala ku Auckland, aphunzitsa anthu kugulitsa bopeni. Kamela imusiya, itembenukila kwa anthu amene alipila kuti amumvele, nkhope zawo zili tong'o, ayembekezela cinsinsi ca kulemela. Scorsese atiuza kuti anthu aja ndise.

Koma mapeto aja afika pambuyo pa maola pafupi-fupi atatu a mamotoka, mayoti, akazi na mowa. Cilango ni mamineti ocepa, ndipo m'jelemo munthu achaya tennis. Cina, amene aitana DiCaprio pa steji mu seminala ija ni Jordan Belfort weniweni. Anamupatsa mbali mu filimu yake yomwe, ndipo kucokela pamenepo dzina lake linakula, anayenda maiko kuphunzitsa anthu kugulitsa. Olo tivomele kuti Scorsese anali na colinga cabwino, pa TikTok na pa status palibe amene amaika mapeto aja. Amaika masekondi 30 a kukuwa. Cenjezo lonse analidula, catsala ni cilengezo ca malonda.

Izi sizinayambe lelo. Mu 1987 Oliver Stone anatulutsa Wall Street. Atate ake anali broker, ndipo iye anafuna kuonetsa kuola kumene kunalowa mu nchito ija m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene Ivan Boesky anagwidwa cifukwa cogula masheya na zinsinsi zamkati n'kulipila madola 100 miliyoni. Stone anapanga Gordon Gekko, munthu wolalikila kuti dyela ni labwino. Mu filimuyo mnyamata Bud Fox apeleka kwa Gekko cinsinsi ca kampani ya ndeke kumene atate ake agwila nchito, ndipo Gekko akonza zoiphwanya, kugulitsa zidutswa na kusiya anchito pa msewu. Uthenga unali poyela. Cinacitika n'ciani? Michael Douglas anapata Oscar, ndipo kwa zaka zambili wakhala akusimba kuti anthu amamufikila n'kumuthokoza, ati tinalowa nchito ya masheya cifukwa ca imwe. Zinafika pakuti mu 2012 anajambula uthenga wa FBI wokumbutsa anthu kuti Gekko anali cigawenga.

Boiler Room ya mu 2000 inaiona bwino nkhani iyi. Muli cocitika cina pamene anyamata ogulitsa masheya abodza akhala m'nyumba yaikulu yopanda mipando yokwanila, atamba Wall Street, ndipo anena mau a Gekko pamtima monga ana a Sande sukulu. Filimu yocenjeza inasanduka buku lawo lophunzilila. Ise lelo ticita cimodzi-modzi na filimu ya DiCaprio. Koma Boiler Room inacita cinthu cimodzi cimene Scorsese anakana: inatilowetsa m'nyumba ya wobeledwa. Harry ni munthu wamba wa banja, aika ndalama zimene anasungila kugula nyumba, zonse zipita, mkazi atenga ana n'kucoka. Unaonako kavidiyo ka Harry pa status ya munthu? Ine sin'nakaonepo.

Pali cina cimene ambili sadziwa, ndipo kwa ine ndiye coseketsa comvetsa cisoni. The Wolf of Wall Street inapangidwa na ndalama za kampani ya Red Granite Pictures. Mmodzi wa eni ake anali Riza Aziz, mwana wopeza wa Najib Razak, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya Malaysia. Mu 2016 boma la America linakamba kuti ndalama zina zopangila filimuyo zinacokela ku 1MDB, thumba la citukuko la boma la Malaysia, kumene akuti kunabedwa madola 4.5 biliyoni. Mu 2018 Red Granite inalipila madola 60 miliyoni kuti nkhani ithe, popanda kuvomela mlandu. Najib analowa m'jele mu 2022. Ndiye kuti filimu yokamba za kuba, malinga na ofufuza, inalipilidwa na ndalama za anthu wamba a dziko lina amene sanafunsidwe. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Cimene ciniwawa kopambana n'cakuti phunzilo lenileni lili mu kavidiyo kaja komwe timakonda. Pamene McConaughey akalibe kuyamba kudzigunda pacifuwa, amauza mnyamata watsopano zoona zonse za nchito yawo: palibe amene adziwa ngati sheya ikwela kapena itsika, kasitomala asaloledwe kucotsa ndalama zake, azingolemela pa pepala, pamene broker atenga komisheni yeni-yeni kupita nayo kunyumba. Anakamba poyela. Ise tinasunga kudzigunda pacifuwa, mau tinataya.

Ika mau amenewa pafupi na gulupu ija ya WhatsApp. Mnyamata wa suti ajambulidwa pa motoka, aonetsa ma screenshot a phindu, agulitsa ma signal na makosi. Akutumila link ya broker kuti utsegule akaunti. Makampani ambili a malonda aya amalipila munthu aliyense amene awabweletsela kasitomala woika ndalama, ndipo ena amamupatsa kagawo nthawi iliyonse kasitomalayo akagula kapena kugulitsa. Conco iye adya pa kosi, adya pa signal, adya pa link. Iwe ukawina adya, ukaluza adya. Dzifunse: munthu amene adziwadi kumene dola ipita mawa, angavutike bwanji kupempha K300 yako ya pamwezi?

Ndipo zambili zimene zigulitsidwa pa mafoni athu si masheya olo pang'ono. Ni ma CFD, kutanthauza kubecha ngati mtengo wa cinthu ukwela kapena utsika, popanda kugula cinthuco. Amakupatsa leverage, kuti na K1,000 yako ubeche monga uli na K100,000. Cimveka cokoma, koma mtengo ukayenda mbali yolakwika na 1 peresenti cabe, K1,000 yako yatha. Mu 2018 bungwe loyang'anila misika ya ndalama ku Europe, ESMA, linapeza kuti pa maakaunti 100 a anthu wamba ocita malonda aya, 74 mpaka 89 amataya ndalama. Ndiye cifukwa cake kumeneko makampaniwa amakakamizidwa kulemba cenjezo pa zilengezo zawo. Mnyamata wa suti uja cenjezo limeneli sakuuza.

Mng'ono wa mnzanga anali na K4,000 ya mafizi a koleji. Anaona kuti pakali milungu itatu kuti alipile, ndiye anati aiculukitseko pang'ono. Mlungu woyamba inafika K5,200, anationetsa pa foni, maso ali gwa. Mlungu waciwili inatsala K600. Wa gulupu anamuuza kuti vuto ni mtima wake, alibe maganizo a munthu wopambana, aonjezele ndalama kuti abweze zotayika. Anatenga kaloba. Temu ija sanalembe mayeso, ndipo amayi ake anagulitsa firiji imene anali kupangila maaisibuloko. Pa status yake, masiku onse aja, panali nkhope ya DiCaprio. Iye anali John, koma anali kudziona monga Belfort mpaka tsiku lothela.

Ena amati izi n'za tuakawalala tung'ono, akulu-akulu a makompyuta ni osiyana. Pafupi pompa ku South Africa kunali Mirror Trading International. Mwini wake, Johann Steynberg, anali kukamba kuti ali na pulogilamu ya kompyuta yocita malonda a forex na bitcoin, yopanga phindu mwezi na mwezi, ndipo ukabweletsa mnzako upatako bonasi. Inagwa mu December 2020. Steynberg anathawa, anagwidwa ku Brazil caka cotsatila, ndipo boma la America linati bitcoin imene anasonkhanitsa inali ya madola 1.7 biliyoni. Bernie Madoff, amene Robert De Niro anamusewela mu The Wizard of Lies, anali munthu wolemekezeka pa Wall Street kwa zaka zambili, koma anali kungolipila akale na ndalama za atsopano. Anagamulidwa zaka 150 ndipo anafela m'jele mu 2021. Suti ikhale yodula bwanji, njila ni imodzi-modzi.

Ngati ufuna mafilimu amene sakupusitsa, tamba Margin Call ya mu 2011 na The Big Short ya mu 2015. Mu Margin Call mulibe mayoti. Ni usiku umodzi mu banki yaikulu, mabwana azindikila kuti mapepala a nkhongole za nyumba amene asunga ni oola, ndipo agamula kuwagulitsa onse m'mawa kwa makasitomala awo omwe, akalibe kudziwa. Acita zimenezi modekha, atavala mataye. Mu The Big Short muli pamene anyamata awili avina cifukwa abecha kuti msika wa nyumba ugwa, ndipo Brad Pitt awadzudzula kuti aleke kuvina, cifukwa akawina ndiye kuti anthu ataya nyumba na nchito.

Anthu amenewo ena anali kuno kwathu. Banki ya Lehman Brothers inagwa pa 15 September 2008. Mkuwa, umene mu July caka comweco unali pafupi na madola 9,000 pa tani, pofika December unali pansi pa madola 3,000. Migodi ya ku Luanshya inatseka, anthu oposa 1,000 anataya nchito, ndipo kwacha inagwa. Funsa aliyense amene anakulila ku Copperbelt nthawi ija. Wa mu mgodi ku Luanshya sanagulepo nyumba ku Florida, Wall Street sanaionepo, koma analipila nawo. M'mafilimu onse aja ise tilimo, kungoti kamela siifika kumene tili.

Nimvela amene adzaniyankha kuti iwe ukamba cabe, nchito kulibe, digili ili mu sutukesi, ufuna ticite ciani? Funso ili ni lolemela ndipo sinilipeputsa. Munthu amene watumiza makalata 50 osayankhidwa, ukamuuza kuti adekhe, aona monga umunyoza. Koma ndiye cifukwa cake nkhani iyi inikwiyitsa. Belfort sanali kugulitsa masheya kweni-kweni, anali kugulitsa ciyembekezo kwa anthu otopa na kusowa. Amene akugulitsa ma signal lelo adziwa bwino kuti ulibe nchito, ndipo ulova wako ndiye msika wake. Wosauka akataya K4,000 amataya caka cathunthu ca moyo wake. Kusowa nchito ndiye cifukwa cacikulu cotetezela kocepa kamene uli nako.

Sinikamba kuti masheya ni uchimo. Tili na msika wathu, Lusaka Securities Exchange, umene unatsegulidwa mu 1994. Pali makampani amene uwadziwa: Zambia Sugar, Zanaco, Zambeef, Copperbelt Energy Corporation, Chilanga Cement. Ukagula sheya pamenepo ukhala mwini wa kagawo ka kampani imene ungapite kukaona geti yake na maso. Ugula kupitila mwa broker wa laisensi ya Securities and Exchange Commission, ndipo laisensiyo ungaifufuze. Kampani ikapanga phindu ingakupatse dividend, ikalephela mtengo ungatsike ndipo ungataye. Palinso ma treasury bill na mabondi a boma kupitila ku Bank of Zambia. Zonsezi n'zapang'ono-pang'ono, za zaka, zogwetsa ulesi. Palibe amene adzapanga filimu ya maola atatu ya munthu woyembekezela dividend. Olo cilimba ca amayi a pa msika ciposa gulupu ija, cifukwa mu cilimba udziwa ndalama zicokela kwa ndani, zipita kwa ndani, tsiku liti.

Limeneli ndiye funso limene nifuna uzinyamula, potamba filimu na potsegula WhatsApp: ndalama izi zicokela m'thumba la ndani? DiCaprio akaponya madola m'mwamba, funsa kuti ni a ndani. Munthu akakulonjeza 30 peresenti pa mwezi, funsa kuti agulitsa ciani cimene cibala conco, ndipo n'cifukwa ciani sapita ku banki kukatenga loni yochipa m'malo mofuna ndalama zako. Akakuuza kuti mwayi utha lelo, dziwa kuti mau amenewo ndiwo anali pa pepala limene anyamata a Stratton Oakmont anali kuwelenga pa foni. Akakwiya cifukwa wafunsa, wayankha kale.

Tamba mafilimu aya, ni abwino, ndipo ine nidzawatambanso. Koma ulendo wotsatila pamene DiCaprio anyamula foni n'kupatsa moni John, yesa kukhala mbali ina ya waya. Ganizila munthu ali m'khichini mwake, buku la cheke lili pa thebulo, mtima ugunda cifukwa aona kuti mwayi wake wafika. Ukatha kumuona, cotsa kavidiyo kaja pa status yako, ndipo tumila foni mng'ono wako umufunse kuti ndalama za mafizi zili kuti.